Apongozi pa Bwalo la Kumitambo

Amene mukuti ndine wabodza khalani pansi mundimvere mpaka ndimalize, ndipo mukapeza pamene ndanama mubwere kwathu ku Crumlin muno mu Dublin mudzandiuze pamaso, tiyi ndikuphikirani. Makamaka inu Bana Mutale a ku Finglas, amene Lamulungu lapitali titangotuluka m'tchalitchi munauza gulu lonse la amayi kuti, "Aba amai ni ba boza, olo mu basi bamakangiwa kukwela pamwamba." Zikomo kwambiri pondiwerengera mapazi. Inde, m'mabasi a nsanjika a kunowa ndimakhala pansi, pampando wa kufupi ndi dalaivala. Munthu amene anafika kumene ndinafika ine alibenso chokafuna pamwamba pa basi.

Nkhani inayamba ndi Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene ndinamulera ndi mashifiti osambitsa nkhalamba za kuno mpaka msana unapindika, yemwe uja mukamulonjera m'Chichewa amakuyankhani m'Chizungu ngati Chichewa amalipiritsa. Tsiku lina anabwera ndi mnyamata wamfupi, wa chifuwa chotakata ngati firiji, dzina lake Ramiro, wokankha mabedi a odwala pachipatala chachikulu chija cha ku Dublin 8, kwawo ati ndi ku Bolivia, ndipo akufuna banja. Mnyamatayo asanavule ndi jekete lomwe anandikumbatira n'kundipsompsona patsaya. Ine. Patsaya. Mukumva? Kwathu ku Dedza mkamwini akaona apongozi akubwera amapatukira patchire ngakhale pali chitedze, ndipo malemu amuna anga anapita kumanda asanaonepo mayi anga akutafuna. Ndinati banja ili palibe. Tadala analira, anasiya kudya, anayamba kufunsa za zipinda za lendi, mpaka ndinaona kuti mwana ndimutaya. Ndiye ndinati chabwino, kukanira munthu pakhomo pako ndi mantha, ine ndipita kwawo komweko ndikamukane pamaso pa mayi ake monga achitira anthu oleredwa. Alongo anga, amene ndiwo ankhoswe, atangomva za mapiri a ku Bolivia anati bondo lawavuta, choncho unkhoswe ndinausenza ndekha.

Ine ndinafika Folomu 4 ndipo jogalafe ndinakhoza bwino, choncho za mapiri musandiphunzitse, makamaka inu amene mumapita ku Wicklow kukajambulitsa pa chulu n'kumati mwakwera phiri. Ndege iliyonse ikafuna kutera imatsika. Yathu inachita kukwera, woyendetsa atathira giya yoyamba, injini ikulira ngati lole ya mbatata pa Khwekhwerere, ife tonse titawerama kutsogolo kuti tiithandize. Titatuluka ndinayang'ana pansi, ndipo mitambo inali kumunsi ngati thonje loyanika, ndege zina zikudutsa kumapazi kwanga. Mpweya kumeneko ndi wochepa moti pabanja amapuma mosinthana, bambo akapuma mayi adikire, ana amapuma zotsala. Udzudzu suuluka, umayenda wapansi, ukafika pamwendo pako umayamba wakhala kaye. Tadala, mwana wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, anakhala pansi pomwepo milomo itachita bii. Ine ndinangomanga chitenje n'kufunsa Ramiro, ndikuyang'ana kumbali, kuti chitunda chimene ankatiopseza nacho chiyamba liti.

Mayi ake a Ramiro, mzimayi wamfupi wa masiketi osanjikiza ndi kachipewa kokhala pamutu ngati chivundikiro cha poto, anatilandira ndi tiyi wa masamba akwawo, amene ankabwata ali wozizira, ndinapisa chala m'ketulo ndekha. Ndinakonza pakhosi kuti ndinene mawu amene ndinawayeseza njira yonse. Koma mawu amayenda pa mpweya, anzanga, ndipo kumeneko alibe poyenda: ndinangoti "Ife takana," mawuwo anatuluka bwinobwino, anafika pachibwano n'kugwera m'kapu. Palibe anamva. Mayiwo anamwetulira n'kunena, Ramiro akumasulira, kuti kwawo nkhani ya banja sakamba mlendo asanaonere mpira, ndipo timu yawo ikusewera masana omwewo. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi msampha. Ankafuna mayi wa mtsikana akathere mpweya kubwalo kuti asowe wokanira.

Bwalo lake si timabwalo ta ku Phoenix Park kumene amuna anu amakathamangitsa mimba Loweruka. Ndi bwalo la akatswiri olipidwa, lomangidwa pamwamba pa mzinda umene uli kale pamwamba pa dziko, ndipo dzuwa lili pafupi moti amayi ogulitsa nyama pageti amangoikweza pa ndodo, ikatsika yapsa, ndipo kapinga sathirira ndi paipi, amangokoka mtambo kumunsi ndi chingwe ngati ndowa ya pachitsime n'kuufinya. Timu ya alendo, yochokera kumunsi kunyanja, inalowa ikukoka masilinda a okosijeni ngati odwala a m'wodi ya chifuwa, kochi wawo atakhala pabenchi akulankhula ndi manja chifukwa madokotala anamuletsa kuwononga mpweya. Wosewera wawo wina anathamanga kuchokera pakati mpaka pangodya, atafika anaiwala dzina lake ndi la mayi ake, anzake anachita kumuwerengera kumsana kwa jezi. Goloboyi wawo anamenya mpira kumayambiriro, tonse tinakweza maso, sunabwerere. Unadzatsika chigawo chachiwiri utaundana ndi chisanu. Ndikulumbira pali malemu amuna anga. N'chifukwa chake kumeneko mipira amabwera nayo thumba lathunthu.

Tsono vuto linali ili. Ramiro, pofuna kundisangalatsa, anagula matikiti a mipando yabwino ya kumunsi, kufupi ndi osewera, n'kundiika ine pakati pa iye ndi mayi ake. Timipando take topanikiza, kuti ntchafu yanga igundane ndi ya mkamwini dziko lonse likuona. Mkamwini amene wabwera kudzamukana ndi mkamwini ndithu mpaka utamukana. Ndinatenga chikwama changa n'kuyamba kukwera masitepe kukafuna malo a ulemu. Iye poganiza kuti apongozi asochera ananyamuka kunditsata, dzanja lino botolo la madzi, linalo kachitini ka okosijeni kamene amagulitsa pageti ngati zakumwa. Ine ndikakwera, iye akwera. Ndikaima kuti abwerere, iye ayesa ndikumudikira. Ndiye ndinapitirira, ndipo musayese kuti ndinkavutika, kuima kumene ndinkaima apa ndi apo kunali kuona malo. Ndinadutsa mizere ya anthu olemera, ndinadutsa ya ovina ndi ng'oma, ndinadutsa pamene apolisi amalekezera, ndinadutsa chimbalame chachikulu cha kumapiri akumeneko chitakhala pasitepe, mapiko chitatambasula, chikupuma wefuwefu n'kumandiyang'ana mwamanyazi, mpaka ndinafika mzere womaliza kumene kunalibe munthu, kumene ukatchera khutu umamva angelo akuyeseza kwaya. Alito wawo ndi wofooka, ndikuuzeni. Ndipo mkamwini anali pompo, pansi panga pang'ono, atatambasula dzanja ndi kachitini kaja. Ine ndilandire mpweya m'manja mwa mkamwini? Ndinatembenuzira nkhope kumpira.

Mpira unali utatsala pang'ono kutha popanda timu yogoletsa, ndipo mayi ake a Ramiro ndinkawaona pansi apo ngati kanyerere, atagwira chipewa ndi manja awiri akupemphera. Masapota awo amaimba, amaomba ng'oma, amaponya mapepala m'mwamba, koma nthungululu sadziwa, ndipo timu yosaimbiridwa nthungululu ingagoletse bwanji? Nambala 9 wa eni bwalowo anamenya kampira kofooka, konga ka munthu amene wagona ndi njala, kakupita mozengereza kugolo. Ndinati anthu awa aone lero kuti mwana akumufunayo anachokera m'mimba mwa yani. Nonsenu mwandimvapo pa zinkhoswe za muno mu Dublin, mukudziwa kuti nthungululu imayamba ndi kukoka mpweya. Ndinakoka. Ndinakoka wanga, ndinakoka wa mkamwini, ndinakoka wa bwalo lonse umene boma linawagawira kuti uwafikitse Lachiwiri, mbendera zonse zinaloza kwa ine, zipewa za amayi zinauluka kudzaunjikana pamapazi panga, oyimbira mpira anaika wezulo pakamwa koma sinalire, osewera a matimu onse awiri anagwada ngati pa nthawi ya Ukaristia, ndipo mpira uja unaima m'malere, kusowa poyenda. Mukumva? Unaima. Goloboyi anangouyang'ana, maso ali tong'o.

Kenako ndinamasula. Nthungululu imeneyo inatsika masitepe onse ngati madzi osefukira, inabweza chipewa chilichonse pamutu pa mwini wake, inafika pa mpira n'kuukankha, mpira unadutsa goloboyi, unaboola ukonde, unadumpha mpanda, unakwera phiri la kuseri, ndipo ndamva kuti anthu a dziko loyandikana nalo anautola n'kuuika pansi pa nkhuku kuti aone chimene chiswe. Bwalo lonse linachita misala. Azibambo a ndevu analira. Chimbalame chija chinauluka chagada.

Apa pali anthu ena, mwana wanga ali m'gulu lomwelo, amene amati ndinakomoka. Sindinakomoke. Pobweza mpweya wa anthu ndinawonjezapo ndi wanga womwe, chifukwa sindinaleredwe kubweza mbale ya eni yopanda kanthu, ndiye ndinatseka maso pang'ono kuti ndithokoze Mulungu. Pamene ndinawatsegula, masitepe ankayenda okha. Ndinali kumsana kwa Ramiro. Anandibereka ngati khanda, ndi nsalu ya mawangamawanga imene anabwereka kwa mayi wina wogulitsa mtedza, mfundo ili pachifuwa pake, kachitini kaja kali pakamwa panga, miyendo yanga ikulendewera uku ndi uku, nsapato imodzi palibe, anthu akupatuka n'kumaomba m'manja, ndipo pa chikanema chachikulu cha m'bwalo panali ife awiri, nkhope yanga yaikulu ngati nyumba. Munthuyo ankatsika ngati wanyamula pilo, ine amene ndikakwera sikelo ya kwa dokotala ndimayamba ndavula ndolo. Nditagwedezeka anadziwa kuti ndadzuka. Sanacheuke. Anangoyang'ana kutsogolo, khosi ataliumitsa, n'kunena ndi Chichewa chothyokathyoka chimene anatolera kwa Tadala: "Pepani amayi. Ine osayang'ana."

Pansi tinapeza Tadala akulira, "Mam, Mam, are you okay," ngati kuti m'Chichewa mulibe mawu ofunsira mayi ako ngati ali moyo. Anandikhazika pabenchi ya a zachipatala, kochi wa alendo uja anasendera kundipatsa malo, tonse awiri tikuyang'anana ngati anthu odziwana. Mayi ake a Ramiro anabwera, anandifunditsa miyendo ndi shawelo yawo, anandisisita dzanja, kenako anafunsa kudzera mwa mwana wawo kuti mpira watha, tsono mawu amene ndinabwera nawo kuchokera kutali konseko ndi otani.

Mpweya wonenera unalipo tsopano, wa m'chitini. Ndinaganiza mofatsa. Chibadwire, mwamuna amene anandiberekapo kumsana ndi bambo anga okha, ndili kamwana, popita kuchipatala cha mishoni ndi malungo. Malemu amuna anga anayesapo kamodzi powoloka mtsinje, tinagwa tonse. Ndiye uyu ndimukane, akhale munthu wamba womangoyendayenda mu Dublin, mawa akachezere kwa inu Bana Mutale, akudziwa kulemera kwanga kwenikweni? Munthu wotere sumulola kutuluka m'banja. Ndinayang'ana Tadala, maso atatupa, atakumbatira nsapato yanga ija imene wina anaitola. Ndinayang'ana mayiwo n'kunena kuti, "Atengane, banja lilipo. Koma za patsaya zithe." Anawo anamasulira mothamanga, wina Chizungu wina chakwawo, kuopa kuti ndingasinthe maganizo.

Tsono mumafunsa kuti ndinapindula chiyani pa ulendo wonsewo. Mendulo sanandipatse. Chigoli analemba kuti ndi cha nambala 9, ndipo ndamva kuti mpaka lero amayenda monyada mumzindamo, Mulungu akuona. Nditabwerera kuno mawu anga sanabwerere onse, ena anatsalira pamzere womaliza paja, moti nditapita ku pulakatisi aphunzitsi a kwaya anandimvetsera kamodzi, anakanda mutu, n'kundichotsa mu sopulano mmene ndakhala kuyambira ndili mtsikana kukandiimika kumbuyo ndi azibambo. Choncho gwirani bwino, musawonjezere ndipo musachotse: ndinapindula mkamwini mmodzi wa msana wabwino, ndi mawu a besi.