Mafunso pa Mayina a Nyumba Yaing'ono

Lolemba
Pepa kope langa, ndayambanso kukuvutitsa. Loweruka tikuvundukula chiliza cha adada ku Champhira. Ntchito yanga ndi mapepala a mwambo: mbiri yawo, nyimbo ziwiri, mayina a ana. Ife asanu a nyumba yaikulu, anayi a amama aang'ono, mkazi wachiwiri wa adada. Walemba zonse mng'ono wanga wa ku Joni, zili m'foni.

Lachiwiri
Ku Boma. Mayi wosindikiza watulutsa mapepala makumi asanu. Ndawerengetsa kawiri, akwana. Magalasi ndaiwala kunyumba. Khumi ndatumiziratu kumudzi pa minibasi.

Lachitatu
Mayo ine! Ndavala magalasi. Mayina athu ali bwino: dzina, kamzere, chaka chobadwa. Koma ana onse a nyumba yaing'ono, pamalo pa kamzere pali kadontho kakuda, mkati mwake chizindikiro cha funso! Ndayesa labala. Pepala labowoka.

Lachinayi
Mayi uja akuti: "Mayina anayiwa mng'ono wanu anawonjezera pa makina ena. Kompyuta yanga kamzere kakeko sikukadziwa, ndiye ikufunsa." Ikufunsa! Zaka makumi atatu palibe munthu anayerekeza. Wasintha zilembo, mafunso asanduka timabokosi. Pa mwambo wa kumanda!

Lachisanu
Wafufuta, walembanso yekha. Mapepala ayera. Ndisanatuluke, foni. Amama aang'ono, kunditchula mwaulemu: "Dada, ng'ombe za lobola zinakwana zonse. Mukufunsa chiyani pa ana anga?" Ndafotokoza za kompyuta, mofatsa chomene. Iwo: "Kompyutayo inamva kwa ndani?"

Loweruka
Atsopano palibe akuwafuna. Khumi akale aja akuyenda dzanja ndi dzanja. A nyumba yaing'ono akhala paokha pansi pa mtengo. Ankhazi, mlongo wa adada, ayang'ana dzina lachitatu nthawi yaitali, kenako: "Komatu uyu mphuno yake ndinkaikayikira." Phokoso! Abusa atseka buku. Chiliza chikadali m'nsalu. Ng'ombe tadya, inali itaphedwa kale.

Lamulungu
Madoda, akuluakulu a m'mudzi, agamula: Lachinayi ndibwere ndi mbuzi, ndiponso ndi amene anafunsa funsolo. Mayi uja wakana kubwereketsa kompyuta. Mbwenu, mbuzi ndagwira kale, yanga yamawanga. Ndalembera wa ku Joni: "Unalemba ndiwe. Ukwera basi, kapena ndivomere kuti wofunsa ndine? Chonde undiyankhe lisanafike Lachitatu."