Mlonda Wosagona Apimidwa Tulo

Inu, tamverani za alamu anga, mlonda wa pafakitale, amene kwa zaka makumi awiri ankadziguguda pachifuwa kuti pantchito sanaphethirepo. Ine anandichotsa ntchito yomweyo nditangosinza kamodzi, iwo n'kumandiseka. Chabwino.

Ndiye magazi awo anayamba kuthamanga. Mankhwala mitundu itatu, koma osatsika. Dokotala anati, "Bambo, mwina mumabanika kutulo. Mudzagone kuno usiku umodzi, makina akupimeni."

Alamu thukuta kamukamu. Makina akaulula kuti amagona usiku, abwana n'kumva, ntchito sithera pomwepo?

"Adokotala, ine usiku sindigona."

"Tidzaonera pomwepo."

Tsikulo namwino anawamata mawaya m'mutu, pachifuwa, pachala, munthu n'kuoneka ngati wailesi yophwasula. Anawagoneka pabedi lofewa, koma iwo maso tong'o. Chitseko chikati kwee, "Ndani?" Kenako anadzuka, mawaya akukhwekhwereza, n'kukagwira mayi wokolopa.

"Ndowayi ukupita nayo kuti?"

Namwino anatopa nawo. "Kodi bambo, kuntchito mumakhala bwanji?"

"Pampando, jasi nditavala, chibonga m'manja. Ngakhale khoswe sadutsa!"

"Tandionetsani. Mundilondere chitsekochi."

Anawakhazika pampando, kuwaveka jasi lawo, kuwagwiritsa mtengo wa chokolopera. Abale, waya womaliza asanamatidwe, mkonono unali utayamba, wa chigayo chenicheni! Kenako zii, osapuma. Kenako befu, ngati womira m'madzi. Makina anapeza kuti amabanika maulendo makumi anayi pa ola limodzi.

Dokotala anawapatsa kamakina kovala kumphuno, kowapopera mpweya akagona. Iwo ankakabisa m'chikwama n'kukakalumikiza m'kanyumba ka pageti. Mkonono unatha, magazi anatsika, abwana osadziwa kanthu.

Mlungu wachitatu akuba anakokolola m'fakitale, kunyamula ndi geti lomwe. Mmodzi atagwidwa, abwana anamufunsa, "Zaka zonsezi munali kuti?"

"Bwana, tinkaopa chigalu chija chinkabangula m'kanyumba ka mlonda. Titamva zii, tinati chafa."

Paja amati choipa chitsata mwini. Lero abwana agula galu weniweni, alamu ntchito inatha, ndipo ine ndi iwo timakhala limodzi pakhonde, magazi awo ali myaa ngati a khanda. Ndikawafunsa za usiku wa akuba uja, amandiyang'ana mwaukali.

"Alamu, ine sindinagone. Ndinkangoyesa makina."