Tebulo la Malemu Linayankhula mu Ampu

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Mkazi wanga Tumpale amaifotokoza paliponse, ndipo amathira mchere wambiri, ndiye bola ndidziyalutse ndekha.

Ine ndine wamfupi, sindikana, ndipo manja nawonso anatsatira mwini wake. Kutchalitchi kwathu pa Karonga boma ndimaimba gitala ya besi, koma besi yakeyo ndi chimtengo chachitali. Kuti ndifike kumapeto kwa khosi lake ndinkachita kudzikoka ngati ndikuthyola papaya, akwaya ali phwete kumbuyoku. Tsiku lina ndinatopa nazo. Ndinati ndipanga yangayanga, short scale, ya khosi lalifupi logwirizana ndi mmene Mulungu anandiumbira.

Vuto linali thabwa. Besi imafuna mtengo wouma bwino, osati matabwa aawisi amene dzuwa la Karonga likangowaomba amapindika. Ndiye diso langa linagwera pa tebulo la mlombwa limene apongozi anga aakazi a ku Mlare anatisungitsa pamodzi ndi njinga, nthawi imene ankakonzetsa denga. Zonsezi zinali za malemu amuna awo. Bambo amenewo anayendetsa thiraki ku Tanzania zaka zambiri, ndipo akakwiya ankakalipa m'Chiswahili. Ine mwana wa ku Dedza, Chiswahili changa chimathera pa "karibu".

Tumpale atapita kuntchito, tebulo lija ndinalilowetsa sowo. Pamwamba pake panatuluka thupi la gitala ndi khosi lomwe. Tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala ndinatidula ku masipoku a njinga ya malemu. Pickup, kamaginito kotola kulira kwa mawaya, ndinakatenga kwa Che Saidi, wokonza mawailesi pa Uliwa. Kenako ndinapaka penti wakuda bii kuti mlombwa usadziwike.

Apongozi atafunsa za tebulo, ndinavala nkhope ya pamaliro.

"Amayi, pepani. Chiswe."

"Chiswe kudya mlombwa, bambo a Lusekelo?"

"Chiswe cha pa boma pano n'chamwano, amayi."

Anangopukusa mutu, misozi italengeza. Ine ndinaona kuti ndapulumuka. Tumpale naye anakhulupirira, mpaka anagula mankhwala n'kupopera nyumba yonse.

Sabata zitatu ndinali pa setup, kuchuna mawaya kuti akhale bwino. Mawaya akakwera kwambiri zala zimapweteka, ndikawatsitsa amalira ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Kupala apa, kumanga apo, mpaka zinakhala bwino Loweruka lina masana. Tsiku lomwelo apongozi anali atabwera kudzationa, ndipo anakhala pakhonde ndi Tumpale akusankha mpunga.

Ndinalumikiza besi ku ampu, chokuzira mawu, pabalaza. Ndinakhudza waya wamkulu. Duuum! Abale, mawu ake! Tebulo lija linkangotaya nthawi ndi kunyamula makapu.

Nditangochotsa dzanja pa mawaya, ndinamva munthu akung'ung'udza chapansipansi. Ndinatembenuka, mulibe munthu. Ndinasendeza khutu ku ampu.

Mawu a mwamuna. M'Chiswahili.

Thukuta linayambira m'mutu mpaka m'masokosi. Ndinagwira mawaya, mawu aja zii. Ndinasiya, anayambiranso. Ndinati mwina ndi dzuwa landilowa m'mutu, ndiye ndinatembenukira kukhoma kumene tinapachika chithunzi cha malemu. Mayo ine! Mawu aja anakwera, akuthamanga ngati mmene ankachitira bambo aja akapeza wina wakhalira mpando wawo.

"Bambo," ndinanong'ona, "tikambirane ngati amuna."

Sanafune zokambirana. Ndinapotokola volume kuti nditsitse, koma chifukwa cha mantha ndinakweza mpaka kumapeto. Nyumba yonse inadzaza Chiswahili!

Ndinatuluka ngati ndalumidwa ndi mavu, besi ili pakhosi, chingwe chikukwekwereza ampu mpaka pakhomo. Ndinafikira kugwada pamaso pa apongozi, mpunga n'kumwazika.

"Kodi mwatani, abambo?" anatero Tumpale.

"Abwera! Bambo abwera, ali mu ampu!"

"Bambo ake ati?"

"Bambo anu! Amayi, ndikhululukireni, chiswe chija ndine!"

Apongozi anaika lichero pansi mwaulemu.

"Mwati bwanji?"

"Tebulo lija ndi ili ndakolekali. Ndinalicheka ndekha, ndi sowo, Lachiwiri. Auzeni asandipweteke, ndili ndi mwana wamng'ono!"

Tumpale anagwira m'chiuno. "Ndiye mankhwala aja ndinkapopera chiyani ine?"

Ndinalibe nthawi yoyankha amoyo. Mu ampu muja munthu anali asanapumire, ndipo ndinaganiza kuti akuwerenga milandu yanga umodziumodzi. Ndinati bola ndiwatsogolere.

"Njinga ija musaifunse, amayi, gudumu lakutsogolo lilibe masipoku. Ndi awa ali pakhosi pa gitala apawa. Jekete la bambo limene munkalifunafuna pa Khirisimasi lili m'sutikesi mwanga, ndinapindira manja mkati. Tsiku lija munabwera Tumpale n'kukuuzani kuti ndapita ku mgodi wa Kayelekera kukafunsira ntchito, ndinali kuseri kwa bafa, maola anayi."

"Zimenezo musandilowetsemo!" anakuwa Tumpale.

"Ndipo nkhuku ija munatumiza pamene Lusekelo ankadwala, tinati yagwidwa ndi galu ija..."

Apongozi anakweza dzanja. Ndinatseka pakamwa. Anadzuka pang'onopang'ono, kukonza chitenje, n'kupita pakhomo pamene panali ampu. Anawerama, kutchera khutu. Ine mtima uli m'mwamba, ndikudikira chigamulo chochokera kumanda. Ankangogwedeza mutu, kwinaku akuti, "Ehe. Ehe."

"Akuti chiyani, amayi?" ndinafunsa ndi kamawu ka mwanapiye.

"Akuti mawa ku Mbeya kugwa mvula yambiri. Oyenda pamsewu asamale."

"Bambo akutero?"

"Bambo ake ati? Uyu ndi wolengeza zanyengo pa wailesi ya ku Tanzania. Amuna anga ndinakhala nawo mpaka imvi, mawu awo ndingawasokoneze ndi kamwana aka?"

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira Che Saidi. Pondipatsa pickup ija anandiuza kuti, "Achimwene, m'kati mwa gitalamo muyalemo foyilo, ndipo waya wa earth musaiwale, apo ayi izitola mawailesi." Ine ndinayankha kuti zimenezo n'zokongoletsa chabe, ndikudziwa chimene ndikuchita.

Tumpale anali atagwa kale pamkeka, akuseka mpaka kutsokomola. Amayi a nyumba yoyandikana nafe anali atasuzumira pampanda, supuni ili m'manja. Ine ndili chigwadire, tebulo la eni ake lili pachifuwa, wa ku Tanzania uja wayamba kutsatsa sopo.

Ndinayesa kuseka nawo. "Aaa, amayi, inetu ndimangocheza. Mwaona mmene ndakuseketserani?"

Ndinayamba kudzuka, ndikusansa fumbi m'mawondo.

"Mukupita kuti, bambo a Lusekelo?" Apongozi anabwerera pamalo pawo, kutola lichero, n'kukhala bwinobwino ngati ali pabenchi ya kutsogolo m'tchalitchi. "Tumpale, kazimitse wailesiyo, ikutisokoneza. Inu gwadani pomwepo. Pitirizani, munali pa nkhuku."

Abale anga, mzimu ukakuyankhulani m'chinenero chachilendo, yambani mwapeza womasulira musanayambe kulapa.