Mmene Ndinagulitsira Alawansi ya Anzanga ndi Liwu Limodzi

Mpaka lero ndikamalowa mu kantini ya kuntchito, anthu amatsokomola dala. Sindiwaimba mlandu. Ndinali wapampando wa yuniyoni pa ofesi yathu ya boma kuno ku Kabwe, udindo umene ndinkaunyadira kuposa ukwati wanga (mayi akunyumba asamve).

Mabwana a ku Lusaka ankafuna kuchotsa alawansi ya thiransipoti. Koma lamulo limati sangakhudze malipiro asanakambirane ndi yuniyoni n'kugwirizana, ndipo ine lamulolo ndinaliloweza mpaka kumalilota. Tsiku la msonkhano, Mayi Tembo osesa maofesi, amene amakwera minibasi ziwiri kuchokera ku Natuseko, anandigwira mkono pakhomo.

"Ba Chair, osagonja. Ija ndalama ndiye mendo yanga."

"Mayo, relax," ndinatero. "Lelo bazaniziba."

Bwana wamkulu sanabwere. Anaimba foni, ndipo a Mulenga, oyang'anira antchito, anaiika pakati pa tebulo. Netiweki inali yodwala. Ndinangotolako "transport" ndi "with effect", kwinako kunali kuthetheka ngati chimanga pachiwaya. Ndinakhala phee ndi mapepala anga, kudikira nthawi yoti ndiwaphike.

Mwadzidzidzi mawu anamveka bwinobwino: "So, ba union, tamvana?"

Posangalala kuti foni yachira, ndinaweramira patebulo n'kuyankha mwamphamvu: "Tamvana bwino maningi, bwana."

Ine ndinkanena za makutu. Iwo ankanena za alawansi. "Thank you for your maturity," anatero, foni n'kuduka. A Mulenga anandigwira chanza ndi manja awiri, ndipo ine (Mulungu andikhululukire) ndinadya mabisiketi awo, kuganiza kuti tikupumira kaye.

Ndinadzidzimuka mlembi wa msonkhano atawerenga zimene analemba, kuti yuniyoni yavomera. Ndinaimirira, ndinafotokoza, thukuta lili kamukamu. A Mulenga anangomwetulira.

"Ba Chair, Chinyanja ni chitundu chanu, ise ndise Babemba. Mufuna tikuphunziseni?"

Zinatengera akuluakulu a yuniyoni miyezi kuti zokambirana ziyambirenso. Nthawi yonseyo Mayi Tembo ankayenda wapansi theka la njira. Sananditukwane. Ankangondipatsa moni mwaulemu m'mawa uliwonse, fumbi lili mbuu kumapazi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa kutukwana.

Upampando anandilanda, ndipo anachita bwino. Masiku ano ngakhale bambo mfumu afunse kutchalitchi ngati tamvana, ine ndimangoyang'ana pansi mpaka ena ayambe kuyankha.