Khoma losafika kumalata

Anzanga, musayambe kuseka, dikirani ndifike kumapeto, chifukwa ngakhale ine mwini wake ndikakumbuka nthiti zimandiwawa. Mukudziwa kuti ine ndakalambira pamsika ku Kanyama kuno ndikugulitsa salaula, zovala zakaunjika zija. Ndiye ana onse atachoka, nyumba inatikulira ine ndi amuna anga baTembo, ndipo ndinati ayi, bwanji tiidule pakati, mbali inayo titsegule khomo lakelake tiikemo wa lendi, nanenso anthu azindiitana balandilodi? Kodi pamenepa pali choipa?

Tinaitana mmisiri, anayamba kumanga khoma lodula nyumbayo, mbali ino kuchipinda kwathu, mbali inayo kwa tenanti. Litatsala pang'ono kufika pamwamba, mmisiri uja akuti, "Mayo, mabuloko aperewera, gulani ena kuti ligunde malata."

Ine ndinayang'ana mpata unatsala pamwambapo, mtima unangoti myaa. "Siyani choncho," ndinatero, "mphepo izidutsa."

Mphepo yanji? Inu mumandidziwa. Ndinkaona kale mmene ndizimvera nkhani ndili chigonere pabedi langa, osavutikanso kukaima pampopi wamadzi ngati anzanga.

Tenanti woyamba anali chidakwa, anathyola chitseko n'kusowa. Chipinda chinakhala nthawi yaitali chopanda munthu, paja anthu abwinobwino akamva kuti Kanyama amayamba aganiza za madzi osefukira. Kenako Mulungu ananditumizira Mwansa, mtsikana wa ku Kasama, nesi. Waukhondo, waulemu, amasesa mpaka pakhomo panga, chimbudzi akatsuka umachita kuopa kulowamo. Tenanti wotere ukamupeza umamugwira ndi manja awiri, ndipo baTembo anandichenjeza kuti, "Uyu akachoka chifukwa cha pakamwa pako, udzagona wekha m'chipindamo."

Koma vuto lake Mwansa linali limodzi: analibe nkhani! Ndinatchera khutu mpaka khosi kuuma, chomwe ndinkamva ndi sipuni m'kapu ndi nyimbo za kwaya basi. Mtsikana wokongola chonchija, wopanda ngakhale kachibwenzi? Ine sindinakhulupirire.

Tsiku lina Loweruka masana, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndikuchokera kumsika ndinaona nsapato pakhomo pake. Zachimuna! Zikuluzikulu, zopolishidwa bwino, za munthu wandalama zake. Kulowa kuchipinda kwanga, ndikumva mawu a mwamuna, okhuthala, akuyankhula Chibemba motsitsa. Ine Chibemba changa ndi cha pamsika, chonenerera mitengo, ndiye ndinkangotola apa ndi apo. Ndinatuluka chonyang'ama kukaitana mnzanga wa nyumba yoyandikana, bamake Joyce.

"Bwerani msanga, kwa nesi kwapsa!"

Anasiya zochapa m'beseni, thovu lili m'manja. Tinamvetsera tonse awiri, osatolapo kanthu. Bamake Joyce akuti, "Kumva chabe sikukwana, mufunika kumuona nkhope. Nanga ngati ni mwamuna wa munthu amene timudziwa?"

Mwaona anzanga oipa? Ndinakwera pabedi, sindinafikire. Tinatenga ndowa n'kuivundikira pamatiresi, bamake Joyce akuti akwera ndani, ine ndinati khoma ndi langa, maso oyamba akhale anga. Anagwira ndowa, ine ndi thupi langa lonseli ndinakwera. Mutu unalowa pampata paja, koma ndinkangoona pamwamba pa wodiropu. Ndinadzikankha pang'ono, mapewa analowa. Pang'ononso, chifuwa chinalowa. Ndiye ndowa ija inangoti phethu, kugwera pansi ndi chiphokoso, ine miyendo ili lendelende m'malere, mimba yakhala pakhoma, msana wakanikizika kumalata. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Ndipo bamake Joyce? Ndinangomva mapatapata akuthawa.

Tsopano tamverani zimene ndinaona pansipo. Mdala wa imvi, wavala suti, Baibulo lili pamwendo, maso ali chitsinzinire, akupempherera chakudya. Mwansa wagwada pambali. Phokoso la ndowa silinawadukize n'komwe, anapitiriza pemphero. Ine ndinagwira mpweya, ndikuti mwina ndibwerera mwakachetechete asanati amen. Ndikuyesa kudzikoka, wigi yanga inakodwa ku msomali wa denga, inavuka, inazungulira kamodzi m'mwamba n'kukatera m'mbale ya nkhuku. Thapwa!

Mdala anatsegula maso. Anayang'ana wigi, anayang'ana kumwamba, tinaphana maso. Mukudziwa chimene ananena? Moni wa Chibemba, mwaulemu wonse, ngati takumana pakhomo la tchalitchi: "Mwapoleni, mayo."

Ine, mutu uli chozondoka, zingongo zanga zakale zili pamtunda: "Eya mukwai."

Mwansa anagwira pakamwa. "Tata, awa ndiye balandilodi. Balandilodi, awa ni atate anga, abwera kuona pamene nikhala."

Bambo ake! Munthu wayenda ulendo wonse kuchokera ku Kasama kudzaona ngati mwana wake akukhala pamalo aulemu, ndipo chimene wapeza ndi mutu wa mwini nyumba uli pakhoma ngati wa nyama yopachika. Pakamwa panga panangotuluka zokha: "Nenze kuona chabe ngati denga idontha."

Kudontha! Okutobala, mvula tinaiona kalekale, kumwamba kulibe ngakhale kamtambo.

Malata anayamba kundiotcha msana ngati ndagonera mbaula, ndiye ulemu unatha, ndinakuwa. Mwansa anathamanga kukaitana baTembo kumene ankasewera nsolo, ndipo iwo sanabwere okha, anabwera ndi anzawo onse a pansolo, kumbuyo kwawo azimayi a pampopi, aliyense akufuna kuthandiza ndi maso. BaTembo anakoka miyendo, ine kukuwa. Ena akuti mukankhireni kutsogolo, ena akuti ayi abwerere kumene wachokera. Mayi wina anabweretsa botolo la saladi, mafuta ophikira aja, kuti andidzoze m'nthiti nditerereke, ngati ndine nsomba yokazinga. BaTembo akukoka uku akulalata, "Sininakuuze iwe? Sininakuuze?"

Mapeto ake anakwera padenga n'kuzula lata limodzi, mpata unakula, ndipo ndinatsikira mbali ya tenanti, mdala uja atandigwira m'khwapa ndi suti yake yomweyo. Ndinakhala pansi, saladi ali chuchuchu, ndikudziuza kuti basi, Mwansa wapita, mawa alongedza.

Anthu atabalalika, mdala anakonza tayi yake, anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka mpaka kupukuta misozi. Akuti, "Mayo, ine ninabwera na nkhawa. Kumudzi amakamba kuti mu Lusaka ana amatayika chifukwa kulibe owayang'ana. Manje naona na maso anga. Pano ngakhale khoswe wamwamuna sangalowe osadziwika. Mwana wanga sachoka pano."

Ndinatsala pang'ono kuvina. Koma Mwansa, ndi kaulemu kake kaja, anandipatsa wigi yanga atainyamula ndi zala ziwiri, msuzi ukudontha, n'kunena motsitsa, "Nizankhala, balandilodi, koma khoma ifike kumalata. Nalema kumva vamene mumakamba pa alamu anu na pa akazi a abusa. Nikumva vonse, na mkonono wa baTembo."

Amayi inu! Miyezi yonseyi ine ndinkati ndatsegula khutu langa, osadziwa kuti ndatsegula pakamwa panga. Mabuloko ndinagula Lolemba m'mawa, mmisiri anatseka mpaka pulasitala, mdala ataimirira pompo ngati kapitawo.

Koma chimene chinandipweteka kwenikweni si msana, si wigi ayi. Nditafika kumsika ndinapeza nkhani yafika kale mpaka ku Chawama, bamake Joyce aifalitsa, awonjezeramo kuti chitenje chinatsala kuchipinda kwanga ine n'kutsikira kwa eni ake ndi kabudula wamkati yekha, bodza lenileni! Taganizani, nkhani yokoma kuposa zonse za chaka chino, yochitikira m'nyumba mwanga momwe, ine n'kukhala womaliza kuifotokoza!

Ndiye inu amene mukufuna kuyamba za lendi, khoma lizigunda malata, mphepo ili ndi mawindo ake. Ine kukwera ndowa ndinasiya, ndalumbira. Ndipo ngati satana adzandiyesenso, woigwira sadzakhala bamake Joyce.