Nsapato Yanga Kuseri kwa a Nangozo

Pali malangizo ena a kuchipatala ofunika kuyamba wafunsa akazi ako usanawatsate. Ine sindinafunse, ndipo ndinatsala pang'ono kusamuka pamudzi ndi bulangete lokha.

Zinayamba ndi mutu waching'alang'ala. Kusentru, kachipatala kathu ka ku Ntengo-Wambalame, aenfermera, anamwino aja, atandimanga chija pamkono anati tensau, BP ija, yakwera. Anandipatsa mapiritsi, kenako nkundiphunzitsa. Akuti m'kati mwa mitsempha ya magazi muli kanthu kotchedwa enzima, kamene kamapanga kampweya, okisidu nitiriku. Kampweyako ndi kamene kamafewetsa mitsempha kuti itakasuke, magazi adutse mosakankhana. Ndiye munthu ukangokhalira pamota, njinga yamoto ija, ngati ine, enzimayo imachita ulesi, imadzuka magazi akamathamanga. Choncho anati ndiziyenda ndawala kapena kuthamanga. Potuluka anawonjezera motsitsa mawu kuti kampweya komweko kamathandizanso abambo pa za kuchipinda. (Apa mpamene ndinatchera khutu, zinazo ndinkangovomera.) Kunyumba ndinawafotokozera akazi anga, amake Rozita, zonse, ndi za kuchipinda zomwe. Pakamwa pangapa!

Ndinayesa kuyenda ndawala masana, koma sizinatheke. Kwathu kuno mkulu wa mpingo ngati ine sadutsa anthu osapereka moni, ndipo moni wake ndi wofunsa mpaka ng'ombe. Ena ankafunsa ngati mota yalandidwa, ena ngati kwagwa zovuta.

Ndiye ndinaganiza zothamanga m'bandakucha, osauza ngakhale amake Rozita (amaseka moipa mayi amenewa). Ndinadzera kanjira ka m'minda ya kachewere, kodutsa kuseri kwa nyumba ya a Nangozo, mayi wamasiye. Za galu wawo sindinaganizeko. Abale, enzima inadzuka tsiku limenelo! Ndinalumpha mpanda ndi chimimba changachi, nsapato imodzi nkutsala pomwepo. A Nangozo anakuwa kuti wakuba, amuna anatuluka ndi zibonga, ndipo ine poona kuti zavuta ndinangolowa m'gulumo nkumafunsa nawo kuti walowera kuti. Tinamusaka wakubayo mpaka dzuwa kutuluka, ine phazi limodzi lili pansi.

Ndikumwa tiyi pakhonde, a Nangozo anatulukira. Anagwada mwaulemu wonse nkupereka nsapato ija kwa amake Rozita ndi manja awiri. Atachoka, akazi anga anaiyang'ana nsapatoyo, nkundiyang'ana ine.

"Ndiye mitsempha ija mukukaitakasulira kwa a Nangozo?"

Ndinachita mantha enieni. Ine ndine mkamwini, pamudzipo mpa eni, ndipo mkaziyu ndimamukonda. Ankhoswe anaitanidwa. Yesani kufotokozera ankhoswe za enzima muone. Amalume awo a amake Rozita anandimvetsera mpaka kumapeto nkufunsa ngati enzimayo ili pabanja.

Anandipulumutsa ndi aenfermera. Tinapita tonse kusentru, ndipo atamaliza kupukuta misozi ya kuseka anavomera kuti anandiuzadi zothamanga, koma osati kuseri kwa nyumba za eni. Pobwerera amake Rozita anandiimitsa pachipata. Apo anatambasula dzanja kuti ndiwapatse shavi, kiyi wa mota.

"Enzima yanuyo ngati ikufuna thukuta, izidzukira pomwe ine ndikuiona."

Kuyambira pamenepo dimba lonse ndimathirira ndekha, kutsika kumtsinje ndi kukwera, iwo atakhala pachulu akusenda nyemba. Chimene chimandiwawa nchakuti tensau inatsikadi, moti pokadandaula ndilibe.