Mboni Inali M'jekete

Dzulo masana ndinaima pamsewu wathu uno kukamwa kuli yasa, ndikuonerera amuna awiri a imvi zawo akukanganirana mpanda wa njerwa. Wina anagwira chingwe choyezera uku, wina uko, akazi awo akulozana zala. Malo amene ankalimbiranawo sangakwane n'kuyalapo mphasa. Pamwamba pa mpandawo anasomekapo mabotolo osweka, ngati kuseriko kumagona fisi, osati munthu amene umakapalako moto.

Pamene ndinkachoka kuno kupita ku migodi ya malasha ya ku Wanki, nditangomaliza sukulu, malire anali mzere wa khonje basi. Nkhuku zinkadutsa, ana ankadutsa, mbale ya ndiwo inkadutsa. Nditabwerako patatha zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndinapeza aliyense atadzitsekera ngati mbuzi. Komabe ndisakometsere zakale, adzukulu anga. Akuba malire analipo ngakhale nthawi ya khonje. Malemu agogo anu aakazi, a Nangozo, akaona zoterezi ankangoti, "Za kamba zija zayambanso," n'kuseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mwambi wa kambawo mumaumva anthu akuutchula, koma kumene unachokera simukudziwa. Chiyambi chake n'chotere, monga anandiuzira iwo.

Kumudzi kwa makolo awo, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, kunali akamwini awiri amene anakwatira pakhomo limodzi. Sandalamu anakwatira mkulu, Esinati. Jailosi anakwatira mng'ono, Dolika. Paja mkamwini alibe nthaka, amalima ya mkazi wake. Apongozi awo aakazi asanamwalire anagawa dimba lawo pakati, n'kubzala mzere wa khonje kuti akhale malire. Chitsime chinagwera mbali ya Esinati, koma mabanja onse awiri ankatungamo popanda wopempha mnzake.

Mayiwo anasiyanso chuma china chimene aliyense anachikana. Anali kamba, wamkulu ngati mphika wa ndiwo, amene anabwera yekha pakhomopo chaka chobzala khonjecho. Sandalamu ndiye anamusunga. Anamumangira kakhola ka timitengo kuseri kwa nkhokwe, n'kumamupatsa masamba a maungu. Anthu ankamuseka kuti anzake akuweta mbuzi, iye akuweta mwala woyenda. 

Kambayu anali ndi mwambo wake. Dzuwa likayamba kuwawa ankatuluka m'khola, n'kutsetserekera kudimba pang'onopang'ono mpaka patsinde lalikulu la khonje la pafupi ndi chitsime. Pamenepo ankagona pamthunzi, dzuwa likapendeka n'kubwerera. Anachita zimenezi zaka makumi awiri osaphonya, moti amayi olima kudimba akamuona akudutsa ankadziwa kuti nthawi yoweruka yakwana.

Jailosi ndiye anali munthu wina. Anakakhalako ku Joni zaka ziwiri zokha, n'kubwerako ndi jekete yoyera imene ankaisunga m'bokosi, komanso matenda ofuna kuti chilichonse chikhale chake. Ife oyenda timabwera ndi matenda osiyanasiyana, koma akewo anali oopsa.

Chaka china mu Okutobala, madzi atachepa, Sandalamu ndi Esinati anapita kumaliro kwa abale a mwamunayo, n'kukhalako masiku asanu. Pobwera anapeza chitsime chitazingidwa ndi minga. Mzere wa khonje unali utasuntha mapazi khumi kulowa m'dimba mwawo. Pamene panali malire akale panali bedi losalazidwa bwino, mpiru atawokedwa kale.

Esinati anangokhala pansi pomwepo, mtsuko uli m'manja. Sandalamu anayang'ana khonje, anayang'ana chitsime, anayang'ananso khonje. Atapita kukafunsa, Jailosi anamuuza mosaphethira kuti malire akhala pomwepo chibzalire, ndipo kuti zaka zonsezi ankatunga mwa chifundo chake, koma tsopano chifundocho chaphwa pamodzi ndi madzi. Dolika, mkazi wake, anangoweramitsa mutu n'kulowa m'nyumba.

Matimati a Esinati anayamba kufota. Mtsinje unali kutali, ndipo mitsuko iwiri patsiku sinkakwanira dimba lonse. Sandalamu analibe mboni. Wobzala khonje anali kumanda, ndipo anthu a m'mudzi sankafuna kulowerera nkhani ya pachibale.

Koma kamba panalibe anamuuza kuti malire asintha. Tsiku lililonse ankatsika monga mwa nthawi zonse, n'kudutsa pakati pa khonje wongobzalidwayo osamuyang'ana n'komwe, n'kukakhala pakati pa bedi la Jailosi. Ankakhala padzuwa lowotcha, pamalo pamene kale panali mthunzi. Ine kambayo ndimamumvetsa. Mpaka lero ndimakhala mbali ya khonde imene dzuwa limawomba, chifukwa mbali yamthunziyo ankakhala agogo anu.

Ndipo poti anali atakhala kale pakati pa mpiru, ankadyako.

Apa ndi pamene Jailosi analakwitsa koyamba. M'malo mongokhala chete, iye mwini anatumiza uthenga kwa a Mphadzula, atsibweni a akazi awiriwo, amene anali mwini mbumba, kuti chiweto cha mnzake chikumuthera mbewu. A Mphadzula anali nkhalamba ya maso ofooka, yokhala kutsidya, ndipo kudimbako anali asanapondeko kwa zaka zambiri. Anabwera Lachiwiri. Jailosi anayankhula nthawi yaitali za ulemu wa malire ndi mmene anthu a ku Joni amachitira. Atamaliza, nkhalamba inafunsa Sandalamu chifukwa chimene kamba wake amadumphira malire.

"Apongozi," anatero Sandalamu, "kambayu chibadwire sanadumphepo kanthu. Malire ndi amene adumpha kamba."

Anafotokoza za mwambo wa kambayo, ndipo amayi angapo anang'ung'udza movomereza. A Mphadzula anasinkhasinkha, kenako anagamula kuti adzabweranso Loweruka. Dzuwa likadzafika pamutu adzatsekule khola, aliyense adzakhale chete, ndipo pamene kamba akagone adzakumbapo, chifukwa khonje ukamuzula amasiya mitsitsi. Anawonjezanso mawu awa: mkamwini amene adzapezeke wabodza adzapinda mphasa yake n'kubwerera kwawo, ana n'kuwasiya.

Jailosi anaona kuti wadziitanira njoka m'nyumba. Anaganiza zoti amuphunzitse kamba malire atsopano. Lachitatu anathyola mabulosi akupsa chipewa chodzaza n'kukawathira patsinde la khonje watsopano uja. Kamba anafika, anaima, anadya onse, kenako anapitiriza ulendo wake kukagona pakati pa mpiru. Lachinayi Jailosi anawonjezera nkhaka. Lachisanu anaika mabulosi, nkhaka ndi papaya lathunthu. Kamba sanakane chilichonse. Anadya mwaulemu ngati mlendo wa pa ukwati, koma pogona sanasinthe.

Loweruka m'mawa Jailosi anatulutsa jekete yoyera ija m'bokosi, kuti a Mphadzula aone kuti akuweruza munthu woyenda. Atavala, anaona Sandalamu ndi mkazi wake akupita kumtsinje ndi mitsuko. Nzeru yomaliza inamufikira: mlandu wopanda mboni ndi wake. Anazemba kuseri kwa nkhokwe, anam'tola kamba m'khola, n'kuyamba kanjira kopita kuthengo kuti akamutaye.

Sanayende mapazi makumi awiri. Pokhota pa nthochi anangoti gululu ndi a Mphadzula, amene analawirira kuthawa dzuwa, amayi anayi ali pambuyo pawo. Jailosi analowetsa kamba m'jekete, anamanga mabatani onse, n'kugwira pamimba ndi manja awiri.

Nkhalamba inamufunsa chimene chamutupitsa chotero. Iye anati m'mimba mwamuvuta chiyambire dzulo, ndipo akuthamangira kuthengo. A Mphadzula anamumvera chisoni kwambiri. Anati munthu wodwala chonchi sayenda yekha m'thengo, angakagwe. Anamugwira mkono n'kupita naye pabwalo la nyumba ya Esinati, anamukhazika pampando pafupi ndi iwo, n'kuuza Dolika kuti amuwiritsire mankhwala a m'mimba. Jailosi anamwa chikho chonse cha zowawazo ndi dzanja limodzi.

Anthu anasonkhana. Dzuwa linakwera. Sandalamu atapita kukatsekula khola anabwerako nkhope itagwa, manja ali lende. Anafufuza pansi pa nkhokwe, m'maungu, kudzala, koma kamba kunalibe.

"Mboni yathawa," anatero Jailosi, thukuta likutsika m'khosi. "Yaopa kunama pamaso pa akuluakulu. Achimwene, ngakhale mwala wanu uja uli ndi manyazi kuposa inu."

Esinati anayamba kulira mwakachetechete, atakumbatira mwana wake wamng'ono. A Mphadzula anadikira, anadikiranso, kenako anakonza kukhosi. Anati iwo si munthu wobweza mawu, ndipo popeza amene analonjeza mboni walephera kuibweretsa, palibe kuchitira mwina. Sandalamu anaimirira kuti amve chigamulo chake.

Koma dzuwa linali litafika pamutu, ndipo kamba sadziwa za milandu. Iye ankangodziwa kuti nthawi yake yakwana. Anthu anaona mimba ya Jailosi ikugwedezeka. Inasunthira kumanzere, inabwerera kumanja. Jailosi anaipanikiza, akulumira mano chifukwa zikhadabo zinali zikumukanda nthiti. Mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Wina ananong'oneza kuti zimenezi si za m'mimba wamba ayi.

Ndiye mukumbukire kuti kamba akafinyidwa amataya zonse zimene ali nazo. Ndipo uyu anali ndi mabulosi a masiku atatu, nkhaka, ndi papaya lathunthu.

Banga lofiirira linatulukira pansi pa batani lachitatu. Linakula, linafalikira jekete yonse, linatsika pa buluku mpaka kudontha m'nsapato.  Dolika anakuwa kuti mwamuna wake waphulika, anathamanga n'kung'amba mabatani kuti amupulumutse. M'jeketemo munatuluka kamutu kamakwinya. Kanayang'ana a Mphadzula, kanayang'ana anthu, kanaphethira kamodzi.

Panalibe woseka. Panalibe ngakhale wotsokomola. Fungo lokha ndilo linkayenda. A Mphadzula, chifukwa cha maso awo aja, anaweramira pafupi kwambiri kuti aone bwino, kenako anabwerera msanga.

"Mkamwini," anatero motsitsa mawu, "ndakalamba chonchi sindinaonepo mwamuna akubereka. Muikeni mwanayo pansi."

Kamba atangoponda dothi anatembenukira kudimba. Mudzi wonse unamutsatira pambuyo, phazi limodzi n'kuima, phazi lina n'kuima, ngati operekeza maliro. Ulendo umene mwana amathamanga osapuma unawatengera nthawi yoti munthu n'kuphika nyemba. Jailosi anali kumapeto, miyendo ili tang'a, ntchentche zikumuimbira. Kamba anadutsa khonje watsopano, analowa m'bedi la mpiru, anazungulira kamodzi, n'kubweza mutu m'chigoba.

Anthu anadikira mpaka kambayo anadzuka yekha, chifukwa panalibenso wofuna kumunyamula. Khasu litalowa kachitatu linatulutsa mitsitsi ya khonje, yaiwisi. Pamenepo Dolika analankhula zimene anazisunga masabata awiri, kuti anamuona mwamuna wake akuzula, ndipo anamuletsa koma sanamve.

A Mphadzula anauza Jailosi kuti akapinde mphasa. Koma Esinati, yemwe uja ankalira, anagwada n'kupempha atsibweni ake kuti asalange ana a mng'ono wake chifukwa cha uchitsiru wa bambo wawo. Nkhalamba inavomera, koma inati khonje yense abwerere pamalo pake tsiku lomwelo, minga ichoke pachitsime, ndipo wogwira ntchitoyo asavule jekete mpaka atamaliza. Khonje ali ndi minga, ndipo dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Banga lija silinachoke ngakhale anachapa ndi phulusa, moti jeketeyo inathera pa chiwopsezo cha mbalame m'munda wa mapira.

Akubzala tsinde lomaliza, Jailosi anadandaula kwa Sandalamu, amene ankatunga madzi pachitsime. Anafunsa kuti zatheka bwanji kuti chinyama chimenechi chakhala naye zaka zonsezi osamuchitapo zotere, koma iye tsiku limodzi lokha.

"Ine ndimangomutsekulira khola, achimwene," anayankha Sandalamu. "Sindinamunyamulepo."

A Mphadzula anali atakhala pamthunzi chapafupi, akufwenkha fodya. Anamva, ndipo ananena mawu asanu okha, amene amayi aja anapita nawo kumtsinje, ochokera kumtsinje anapita nawo kumsika, mpaka ine ndinakawamva ku Wanki m'kamwa mwa munthu amene Dedza sanamuonepo.

Nkhaniyi a Nangozo ankaikamba bwino kuposa ine. Ankayenda ngati Jailosi, miyendo ili tang'a, kuzungulira chipinda chathu chaching'ono cha kukomboni, mpaka oyandikana nafe ankagogoda khoma. Nkhani zambiri anapita nazo kumanda, ndipo zimene ndatsala nazo zikuthothoka ngati mano angawa. Inu amene muli ndi makope ndi manja osanjenjemera, wina mwa inu ailembe ndisanaiwale dzina la Dolika. Mukalemba mukawerengere amuna awiri a pampanda aja. Ndipo pamapeto pake muike mawu a a Mphadzula monga analili, musawachapire sopo:

Kamba amanyera yemwe wam'tola, mkamwini.